Tsiku Limene Ndinavomera Bodza

Khalani pansi ana inu, ndipo iwe Madalitso usakhale patali ngati mlendo, chifukwa nkhaniyi yayambira pa iwe. Dzulo ndinakukalipira pamaso pa anzako, ndipo ndamva kuti mukunong'onezana zoti agogo mutu wayamba kuzungulira ndi ukalamba. Mwina ndi zoona. Mano anatha, maso akungoona utsi, ndipo nthawi zina ndimafunafuna ndodo ili m'manja mwanga. Koma nditamva kuti mkazi wako, mimba ya miyezi isanu ndi itatu, wajomba kusikelo kawiri chifukwa choyanika usipa pathandala, mtima wanga unabwerera kumalo kumene sindifuna kuti uzibwerera. Inu mumadziwa malemu agogo anu aNabanda okha. Simudziwa kuti iwo asanabwere ndinali ndi mkazi wina, ndiponso mwana wina. Makolo anu anamvako pang'ono, koma zonse sindinawauze.

Ine kwathu kwenikweni ndi kumtunda, ku Chitala, kwa alimi a chimanga ndi thonje. Kunyanja kuno ndinabwera ndevu zitangoyamba kumera, sitima ya pamtunda itangoyamba kufika ku Salima, anthu akuyendabe mitunda kukangoiona ikufuka utsi. Ndinabwera kudzakoka khoka. Khoka la nthawi imeneyo silinali la nayiloni ngati lanuli. Tinkafula khungwa la bwazi, n'kumapota tokha ulusi pantchafu, mpaka ntchafu kusalala ngati chipande. Ntchila, nsomba imene ena a inu simunaionepo, inkadzaza bwato mpaka tinkaopa kumira. Lero mukagwira tiwiri mumaitana mudzi wonse kudzaona.

M'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, kuseri kwa Khombedza, ndi mmene ndinapeza Esinati, wa kwa Mbewe. Anali wamfupi, wochepa thupi, ndipo anali atangotuluka kumene kuchinamwali. Zaka zake palibe ankaziwerenga, koma ndikayang'ana iwe Tiyamike ndi yunifolomu yakoyo, ndimaona kuti Esinati pokwatiwa anali wocheperapo kuposa iwe. Ankakonda bwemba wowawasa uja, ndipo m'tchalitchi ankaimba mokweza kuposa onse ngakhale nyimbo ikumuthawa. Ndikamuseka ankati, "Mulungu amamva mawu, za kukoma mumamva ndinu." Powamba nsomba panalibe womuposa. Kampango wowamba iye ankafika kumapiri osanunkha.

Ndinakwatira chikamwini, monga ankachitira aliyense. Inu anyamata a masiku ano mumati "nyumba yanga, mkazi wanga, ana anga." Mkamwini analibe mawu amenewo. Unkamanga nyumba pamalo a eni ake, kulima munda wa apongozi, ndipo pakagwa nkhani yaikulu unkakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Mwinimbumba, ndiye kuti wolamula akazi ndi ana a banjalo, anali amalume ake a Esinati, aZakeyu. Sanali munthu woipa. Anali mkulu wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono, wokonda kuti chilichonse chidutse pa iwo.

Mwana wathu woyamba anali Rute. Pomubereka, Esinati anavutika masiku awiri, ndipo azimayi anati ndi mmene zimakhalira pa mwana woyamba. Atatuluka m'chikuta ankayenda chogwira zipupa kwa mwezi wathunthu. Mimba yachiwiri inapita padera m'nyengo ya mvula, malungo atamugwira. Patangopita miyezi yochepa anaimanso. Zopumitsa thupi la mkazi, zimene anamwino amakuuzani lero, ife sitinkazidziwa.

Mawu amene mumalankhulawa muziwamvetsera. Mkazi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndipo akulu ankati ndi chifukwa waima pakati pa moyo ndi imfa. Zowawa zikayamba timati matenda ayamba. Akabereka timati wachira. M'zaka zimene ndinakhala m'mudzi umene uja, chaka sichinkatha osamva kuti uje sanachire, kaya m'mudzimo kaya kutsidya kwa dambo. Tinkalira, n'kuika, n'kubwerera ku khoka. Sitinkafunsa kuti chamupha n'chiyani, chifukwa yankho linalipo kale: kapena ufiti, kapena wina wayenda molakwika.

Pa mimba yachitatuyo Esinati sanali bwino kuyambira pachiyambi. Zikhatho zake zinayera ngati ufa. Akachokera kotunga madzi ankapuma katatu panjira, ndipo ankadya dothi la pachulu mobisa. Lero mukanati magazi achepa, mukanamupatsa mapiritsi ofiira aja ndi mankhwala a malungo, n'kumugoneka m'neti. Ife tinkafukiza masamba kuti udzudzu uthawe, ndipo unkathawa kufikira utsi utatha. Mazira anamuletsa, akuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mlamba anamuletsanso, akuti mwana adzachucha dovu. Tangoganizani, mkazi wa msodzi kumadyera masamba a chinangwa nsomba zili pathandala. Kusinja ndi kulima sanamuletse. Zimenezo ankati zimafewetsa thupi.

Mvula ili pakati, nkhokwe zinatha monga zimathera chaka chilichonse. Ndinamanga dengu la nsomba zowamba n'kukwera kumapiri a ku Dowa kukasinthitsa ndi chimanga. Ulendo wake unali wapansi, dengu pamutu, ndipo sitinkayenda tokhatokha chifukwa tchire la kufupi ndi malo otchedwa Kuti linali la mikango ndi njovu, osati zoti anthu azikazijambula ngati lero. Ndinakhala masiku asanu ndi anayi. Ndinabwera ndi chimanga, ndi kansalu kakang'ono koberekera mwana. Ulendo umenewo muukumbukire, chifukwa ndi umene unandipachika.

Patapita milungu iwiri, matenda anamuyamba m'mawa ali pamtondo. Azimayi anamutengera m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndipo ife amuna tinachoka monga mwa mwambo. Ndinapita kukasoka khoka ndi mnzanga Che Saidi, Msilamu wa mudzi woyandikana nawo, amene tinkapalasa bwato limodzi. Tsiku lonse ndinkatchera khutu kuti ndimve nthungululu. Sizinamveke.

Mzamba wathu anali aNachisale. Musaganize kuti anali mfiti kapena munthu wouma mtima. Theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo, ndipo akaitanidwa ankasiya chakudya pamoto. Koma zida zawo zinali kabango kodulira mchombo, mizu ya mwanamphepo yofulumizitsa matenda, ndi manja awiri okanikiza mimba. Zimenezi zikalephera, chimene chinkatsala ndi kufunsa mafunso.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, anabwera kumene ndinakhala. Anagwada chapatali, nkhope itatopa.

"APhiri, mwana wakana kutuluka," anatero. "Mkazi wanu tamufunsa, walumbira kuti mwamuna wina sakumudziwa. Tsono mwatsala ndinu. Kumapiri kuja munkagona kuti?"

"Pakhonde la mwini chimanga, mayi. Tinali amuna atatu pamphasa imodzi."

"Masiku onse asanu ndi anayi?"

"Onse."

"Mwana sakana popanda chifukwa. Ngati munamusempha mkazi wanu, nenani, timupatse mankhwala. Mukabisa mumupha."

Kusempha kumene ankanenako ndi kuyenda ndi mkazi wina wako ali ndi pakati. Aliyense ankakhulupirira kuti zimenezo zimatseka njira ya mwana, ngakhale ife opemphera.

Ine ndinali nditamva kumapiri kuja kuti ku chipatala cha mishoni amatulutsa mwana ndi mpeni, mayi n'kukhala ndi moyo. Ku Salima kunali kachipinda kokha ka munthu wotsuka zilonda ndi kupereka kwinini, za amayi sankaziona. Chipatala cha mishonicho chinali ulendo wa masiku awiri. Ndinati, "Mayi, bwanji timunyamule tipite naye kumishoni?"

"Zimenezo si za ine, si za inunso. Mwinimbumba ndi aZakeyu."

AZakeyu anali atapita kumaliro kutsidya kwa Khombedza. Tinatuma munthu kukawaitana, koma dambo linali litadzaza.

ANachisale atachoka, Che Saidi anaika singano pansi. "Achimwene, ingovomerani," anatero. "Mukamakana, azimayiwa azingodikira inu. Mukavomera amupatsa mankhwala awowo, akaona kuti sizikuthandiza, alola machila. Inshallah tikafika naye."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinapita kukaima pafupi ndi kanyumba kaja, n'kuitanitsa aNachisale, ndipo ndinati ndinalakwa kumapiri. Anati kuvomera kopanda dzina sikugwira ntchito. Ndinatchula dzina limene linabwera pakamwa. Ndinati Maliya. Ana inu, Maliya ameneyo sanabadwe, sanamwe madzi padziko lino. Ndinamuumba ndekha nditaimirira pamenepo.

Anandisambitsa m'manja ndi madzi a mizu, n'kutenga madziwo kukamwetsa Esinati. Chimene sindinaganize ndi ichi: aNachisale polowa anaima pakhomo n'kulankhula mokweza kuti mwana wa m'mimba amve. "Tuluka tsopano, bambo ako avomera. Ndi Maliya wa ku Dowa." Kuyambira dzulo lake Esinati ankabuula, ndipo kubuulako kunkamveka mpaka panja. Atamva mawu amenewo anakhala chete. Ine ndili panja ndinamva kukhala chete kumeneko.

Ndipo nzeru yathu inatitembenukira. Azimayi aja, poona kuti chifukwa chapezeka, analimba mtima. Anati tsopano tidikire mankhwala agwire ntchito. Anawonjezera mwanamphepo, n'kumakanikiza mimba mosinthana. Ndikanena za machila ankati, "Mwapalamula ndinu, tsono mufunanso kutiphunzitsa?" Tsiku linanso linatha choncho.

AZakeyu anafika m'mawa wa tsiku lachitatu, matope mpaka m'mawondo. Mlongo wawo, mayi ake a Esinati, anawauza kuti dzanja la mwana latuluka, latupa, koma thupi silikutsata. AZakeyu anagwira chibwano. Ankaopa kuti mwana wa mbumba yawo akafera kwa eni, ndiponso anthu ankanena kuti mkazi wothawira kuchipatala ndi wamantha. Pomaliza anati, "Munyamuleni."

Inu mukamva ambulansi ikulira pamsewu wa tala uja mumangoti phokoso. Mumadandaula minibasi ikaima nthawi yaitali pa Khombedza kudikira anthu. Ife ambulansi yathu inali nsungwi yaitali, bulangeti, ndi chidutswa cha khoka chomangira. Ngolo kunalibe, chifukwa ng'ombe sizinkakhala kuno, kashembe ankazipha. Tinanyamula anthu anayi mosinthana awiriawiri: ine, Che Saidi, ndi asuweni awiri a Esinati. Mayi ake ndi aNachisale ankatsata pambuyo ndi chipanda cha madzi. Dothi la makande lija likanyowa limagwira phazi ngati ulimbo. Tinkati tikaponda, mwendo ukulowa, machila akugwedezeka, iye akuluma nsalu.

Tinafika pa mtsinje wa Lingadzi dzuwa litakwera, ndipo unali utadzaza mpaka m'mabango. Mlatho kunalibe. Bwato lowolotsa anthu linali kutsidya, mwini wake atapita kumunda. Che Saidi anavula malaya n'kusambira, madzi akumukokera kumunsi, kukamufunafuna. Ife tinatsitsa machila pamthunzi n'kumadikira.

Pamenepo ndi pamene ndinamuona nkhope koyamba chiyambire matenda. Milomo inali itang'ambika, maso atalowa. Ndinagwada pambali pake. Anandiyang'ana, ndipo anati, "Bambo a Rute."

"Ndili pano."

"Ndikapanda kuchira, Rute musakamupereke kwa Maliya wanuyo. Akhale ndi amayi."

Ana inu, pakamwa panga panali potsegula. Mawu analipo: kulibe Maliya, ndinanama. Koma mayi ake anali pomwepo, aNachisale pomwepo. Ndinaopa kuti ndikabweza mawu anena kuti ndasukulutsa mankhwala, mwina atibweza kumudzi kukayambanso kufunsa. Ndiponso, ndisakunamizeni, kumtima kwanga kunali kamantha kakuti mwina mankhwala aja akugwiradi ntchito mwa njira yake. Ndinaganiza kuti ndidzamuuza akachira, tili awiri, ndipo adzandiseka. Ndinangoti, "Muchira, musalankhule choncho." Anatembenuzira nkhope kumabango.

Tinawoloka dzuwa litapendeka. Titayenda pang'ono anakuwa kamodzi mwamphamvu, kenako anati ululu wasiya. Mayi ake anayamba kuthokoza Mulungu, ndipo ifenso mapazi anapepuka. Koma aNachisale atagwira mimba sanathokoze nawo. Esinati anayamba kutuluka thukuta lozizira, kupempha madzi, kupemphanso madzi. Anati kukuda, pamene dzuwa linali likuwala. Tisanafike ku Chitala, nsungwi ili paphewa panga, ndinamva kuti katundu wasintha kulemera. Amene ananyamulapo munthu amadziwa. Tinatsitsa pansi pa mlambe. Che Saidi ananena mawu a chipembedzo chake chapansipansi, ndipo mayi ake anayamba kulira.

Pamenepo ndinanena. Ndinanena mokweza kuti kulibe Maliya, ndinanama kuti mulole machila. Mmodzi wa asuweni aja anati, "Mwapha munthu, tsono mufuna kuthawa mlandu."

Tinabwerera naye pa machila omwewo. Mwambo sunkalola kuika mkazi mwana ali m'mimba, choncho adzukulu okumba manda anachita zimene ankachita kumandako, ife titatalikira. Mpeni umene tinkamuopera ali moyo unamupeza atafa.

Titameta maliro anandisudzula. Ndinalipa mbuzi ziwiri za mlandu wa Maliya, ndipo anandipatsa khasu langa, nkhwangwa ndi mphasa. Nyumba ndinamanga ndekha ija anaigwetsa. Rute anali ndi zaka zinayi. Tsiku lochoka ndinamupeza akusewera ndi zigoba za nkhono kuseri kwa nkhokwe. Anandifunsa ngati ndikupita kumapiri, ndipo anati ndikamugulire nzimbe. Agogo ake anabwera n'kumunyamula osandiyang'ana.

Zaka zotsatira sindizikumbuka bwino, zili ngati madzi a m'chithaphwi. Ndinanyamula mabelo a thonje pasiteshoni ya Salima. Ndinaona anyamata akukwera sitima kupita kunkhondo, ena akubwera ndi nsapato, ena osabwera. Njala yaikulu ija itadutsa, imene tinadya mizu ya nthochi ndi zikhawo za m'madzi, ndinakwatira agogo anu aNabanda. Ndinauza abale awo poyera kuti za chikamwini ndinalapa, ndikufuna chitengwa. Anandivutitsa, koma analola, ndipo ndinamanga pano pamene mwakhalapa.

Agogo anu ataima koyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu utangokwana ndinamanga ufa, nyemba ndi nsomba zouma, n'kuwauza kuti tikupita kumishoni. Anakana. Anati azimayi anzawo awaseka. Ndinati aseke. Ndipo anasekadi. Amuna anzanga kugombe ankandifunsa ngati inenso ndikukabereka. Tinayenda pang'onopang'ono masiku atatu, ndipo anakadikira kumeneko m'kanyumba ka udzu pamodzi ndi amayi ena ochokera kutali. Ndinachita zimenezo pa mimba iliyonse. Pa yachitatu, mwana anagona mopingasa, ndipo anawang'amba. Mwana ameneyo ndi bambo ako, Madalitso. Agogo anu anakhala zaka makumi anayi pambuyo pake, akundikalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha fodya.

Kumeneko kunali namwino wina, mayi wa kwathu konkuno wophunzira uzamba. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufotokozera za Esinati, zonse, mpaka za Maliya. Anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Bambo, dzanja likatsogola ndiye kuti mwana wagona mopingasa. Ameneyo satuluka, ngakhale mudzi wonse uvomere milandu. Mankhwala ofulumizitsa aja ndi kukanikiza kuja zimangofinya chiberekero mpaka kuphulika. Pamene anati ululu wasiya, ndi pamene chinaphulika, ndipo magazi ankatayikira m'kati. Akanabwera tsiku loyamba, kapena akanadzadikirira kuno, tikanamuona msanga."

Ndinafunsa kuti, "Nanga tikananyamuka tsiku lachiwiri lija, m'malo movomera bodza?"

Sanandinamize. Anati, "Mwana mwina ayi. Mayi mwina."

Mawu akuti mwina amenewo ndagona nawo zaka zonsezi.

Tsono mukuganiza kuti nkhani yathera apa, kuti agogo anaphunzira, zinthu zinayenda. Iwe Tiyamike ndakuona ukusuntha mwendo. Khala kaye.

Za Rute ndinkamva kudzera kwa Che Saidi, chifukwa kumudzi kuja sankandilandira. Ndinkamutumizira nsomba ndi sopo, osadziwa ngati zikufika. Chaka china, mitengo itayoyola masamba, Che Saidi anabwera n'kundiuza kuti Rute anamukwatitsa kwa mnyamata wina dzina lake Lameki, ndipo ali ndi pakati pooneka. Ndinawerenga zala. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, kapena kuposa pang'ono.

Nthawi imeneyo ndinali ndi njinga yonyamulira nsomba. Ndinagula nsalu n'kupalasa kupita kumudzi kuja. AZakeyu anali atakalamba, koma mawu anali omwe aja. Ndinawafotokozera za mishoni, za agogo anu, za mwana wobadwa ndi mpeni amene akuthamanga pabwalo. Ndinati chakudya ndi ulendo zonse ndi zanga, angondilola ndimutenge mwezi umodzi wokha.

"APhiri," anatero, "tambala wobwereka akabwerera kwawo, safunsa za anapiye. Mwanayu tamulera ndife. Ndipo mwamuna wake ndi wodzisunga, si wa maulendo a kumapiri."

Ndinapempha kuti ndimuone Rute mwini wake. Anabwera, n'kugwada patali ngati kwa mlendo. Anali mayi ake enieni, kufupika komweko, mapewa omwewo, mimba ikumulemera. Ndinayang'ana zikhatho zake ndipo zinali zoyera.

"Mwana wanga," ndinatero, "tiye ukadikire kuchipatala. Thupi lako ndi laling'ono. Mayi ako anafa chifukwa tinachedwa nawo."

Anayankha akuyang'ana pansi. "Ine ndinamva kuti amayi anafa chifukwa cha Maliya."

"Kulibe Maliya. Ndinanama kuti alole machila."

Anadzutsa mutu. "Ndiye munanama liti, bambo? Tsiku lija kapena lero?"

Nsalu ija ndinaisiya pamphasa. Pobwerera njinga ndinkangoikankha.

Matenda anamuyamba m'mwezi wotentha, mvula isanagwe. Mvetsani bwino apa. Lingadzi anali wouma, mwana wamng'ono akanawoloka. Msewu unali utalambulidwa, ndipo malole ankadutsa pa Khombedza kupita ku Salima. Zonse zimene zinatitsekera njira pa Esinati zinali zitachoka. Ndipo Rute anabereka bwino, m'mawa, mwana wamwamuna, nthungululu zinamveka. Koma nsengwa, chija chimatuluka pambuyo pa mwana, inakana kutuluka. Magazi anayamba. ANachisale anali atamwalira, mzamba anali mwana wawo, ndipo anachita zimene anaphunzira kwa mayi ake. Anamupatsa botolo kuti aziuzira. Anamulowetsa mthiko kukhosi kuti adzikakamize. Anakoka mchombo. Zitakanika anapita kukafunsa Lameki. Pamene ankaganiza zotuma munthu kumsewu kukaimitsa lole, mphasa yachiwiri inali itanyowa. Dzuwa lisanapendeke Rute anali atapita. Namwino uja anadzandiuza kuti kutaya magazi sikudikira masiku ngati mwana wopingasa, kumatha munthu pa maola ochepa, n'chifukwa chake amafuna mayi aberekere pamene pali jakisoni ndi manja odziwa. Khandalo analiyesa ndi phala lamadzimadzi. Linakhala milungu itatu.

Uthenga wa imfa ya Rute unandipeza kugombe mawa lake, ndipo ndinafika maliro asananyamuke. Palibe anandithamangitsa, palibenso anandipatsa pokhala. Ndinaima kumbuyo kwa amuna. Nyimbo zinali zomwe zija ankaimba Esinati mokweza.

Titabwera kumanda ndinaona mnyamata atakhala yekha kuseri kwa khola la mbuzi, anthu akumulambalala. Sindinafunse kuti ndi yani. Anali wamng'ono, ndevu zisanadzaze chibwano, manja atawapanira pakati pa mawondo. Ndinapita n'kukhala pansi pambali pake. Anafuna kudzuka mwaulemu, ndipo ndinamugwira mkono.

"Ndiwe Lameki?"

"Inde, bambo."

"Ine ndine bambo ake a Rute."

Ankaganiza kuti ndabwera kudzamumenya.

"Anakufunsa?" ndinatero.

"Anandifunsa."

"Unavomera?"

"Ndinavomera. Anati ndikapanda kutero afa."

"Unatchula dzina?"

"Ndinatchula."

"Iye anamva?"

Anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikugwera pafumbi.

"Unachitadi?"

"Ayi, bambo. Chikwatirire sindinagonepo kunja kwa mudzi uno."

"Ndikudziwa," ndinatero.

Anandiyang'ana, kudikira kuti ndinene china. Tinakhala pamenepo awiri, mbuzi zikutinunkhiza, mpaka anabwera kudzamuitana kuti akamve mlandu wake.